A Alfonsi ndi Okwera Ndege Obwereka

Malemu a Alfonsi ankabwereka anthu ngati mmene ena amabwerekera khasu. Iwo ankasamala kabwalo ka ndege kuseri kwa Chiparamba, koma okwera kunalibe.

Ufulu utangobwera, dera lililonse linkafuna bwalo lakelake. Ku Chipata linalipo, kwathu kanalipo, ndipo a Samson cha ku Kasenengwa ankasamala kawo. Wokwera weniweni anali mmodzi yekha, a Kasimu ogulitsa nsalu, ndipo a Samson ankawalawirira ndi ngolo kuti akakwerere pabwalo lawo. Kandege kankabwera Lachinayi, koma kakapanda kuona munthu pansi, kankangodutsa.

Ndiye Lachinayi lililonse a Alfonsi ankayenda khomo ndi khomo.

"Alamu, ndibwerekeniko apongozi anu."

"Akudwala mwendo."

"Sakathamanga ayi, akangoima ndi sutikesi!"

Ndege ikatera, apongozi aja ankati aiwala fodya kunyumba, basi osabweranso.

Kenako kunamveka kuti mabwalo achuluka, ndipo kukubwera bwana kudzatseka opanda okwera. A Alfonsi mtima unali m'mwamba, poti kabwaloko ndiko kanali ntchito yawo ndi ulemu wawo. Anakabwereka kwaya yonse ya kutchalitchi, anthu makumi atatu, aliyense ndi mtolo pamutu.

Bwanayo anatsika, n'kuwayang'ana, n'kumwetulira.

"Mipando ya ku Lusaka ilipo isanu. Lero n'kwaulere. Kwerani!"

Amayi ine! Kwaya inabalalikira m'munda wa thonje, mitolo ili mbwee. Anatsala a Alfonsi okha, munthu woopa ngakhale kukwera pa denga la nkhokwe.

"Bambo ake Vailet, musayerekeze!" anakuwa akazi awo, a Ketilina.

"Mayi, ndikapanda kukwera atitsekera."

Anachita chizindikiro cha mtanda kawiri, n'kukwera atatseka maso. Anabwera patapita masiku anayi, pa lole ya chimanga.

"Lusaka ndi wotani?" anthu anafunsa.

"Kaya. Ine ndaona nsapato zanga zokha."

Kabwalo kanatsekedwabe. Ka a Samson nakonso kanatsekedwa mwezi womwewo, ndipo a Kasimu anayamba kukwerera ku Chipata. Akuluakulu awiriwo sankalankhulana, aliyense ankati mnzake ndiye anamulanda okwera. A Alfonsi anawawidwa mtima kwambiri, sanalolenso kudutsa pamalopo.

Atamwalira, kutangocha tinapeza a Samson, nkhalamba yonjenjemera, akutchetcha udzu kuchokera pakhomo mpaka kumanda. Njirayo inali yowongoka, yotakata, yopanda chitsa n'chimodzi chomwe.

"Nanga kukula konseku, a Samson?" anafunsa a Ketilina.

"Mlamu, mnzanga anyamukire pabwalo labwino. Lero anthu onsewa sanawabwereke."

A Ketilina analira pomwepo. Ifenso timawasowa, abale. Masiku ano Lachinayi limafika n'kupita, palibe wogogoda pakhomo kudzatiuza kuti tivale bwino, tikufunika.