Khutu Lakumanja la a Gogoda

A Gogoda sankadutsa chitsulo osachimenya ndi sipanala n'kugunditsapo khutu. Mzati wa khonde, geti, ngakhale bedi la kuchipatala, zonse ankazifunsa kuti zadzuka bwanji.

Ku labu yathu timayesa mabimu, zitsulo zazitali zonyamula nyumba, powapanikiza kumutu ndi kumiyendo. Bimu ikamapanikizidwa imayamba kunjenjemera pang'onopang'ono, kulira kwake n'kumatsika, mpaka imapindika. Ntchito yanga inali kuwerengeratu pa kompyuta kuti injenjemera kangati pa sekondi. Ndinkatha masiku atatu pampando, maso ali psuu.

Ndikangomaliza, a Gogoda, madala amene tinkagwira nawo ntchito, ankatulukira akukhwekhwereza nsapato.

"Mphwanga, kanditengere sipanala yaikulu ija."

Ndikabwera nayo, iwo ngwee! Khutu lakumanja pachitsulo, maso atatsinzina.

"Fote-thuu."

Makina oyezera ankavomereza. Kompyuta yanganso inali itanena zomwezo, koma ndani ankaiyang'ana?

"Waona?" abwana ankandiseka. "Iwe masiku atatu, madalawa kugogoda kamodzi."

Udindo woyang'anira labu unandidutsa kawiri chifukwa cha khutu limenelo. Ine kupusa, m'malo mokwiya ndinawapempha kuti andiphunzitse. Zaka zinayi ndinagogoda chilichonse, mpaka mkazi wanga anayamba kubisa mapoto.

"Ukumva chiyani?" ankandifunsa a Gogoda.

"Chitsulo."

"Makutu akowa ndi okongoletsa mutu basi."

A Gogoda atamwalira, pamaliro pawo ndinapita kukapepesa akazi awo. "Mayi, khutu lakumanja lija tikanalisunga m'botolo."

Anaseka misozi ili m'masaya. "Lakumanja? Linafa tisanakwatirane! Ndikafuna kuwanena ndinkakhala mbali imeneyo."

"Nanga manambala aja?"

"Ankati kuntchito kuli injiniya wanzeru zoopsa, salakwitsa. Akamutuma sipanala amasiya kompyuta yosatseka."

Ndinanyamula nawo bokosi, koma kunena zoona mtima unali ukuwira. Zaka zinayi! Udindo kawiri! Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti madala aja ankadziwa kuti ndimaitha ntchito. Anauza akazi awo kukhitchini, ine osandiuza ngakhale tsiku limodzi.

Pano labu ili zii. Sipanala ili pamsomali, palibe woikhudza. Abwana amadandaulabe kuti khutu ngati lija silidzapezekanso, ndipo ine sindinawaululire. Sindinawakhululukire a Gogoda. Komabe ndikamaliza kuwerengera bimu, ndimasiya kompyuta yosatseka n'kutuluka panja pang'ono.