Tsiku limene ndidafikitsa a Namakhwa ku Mulanje tili m'chigafa

"Iii, anyamata, ndi mwendo uwu, phiri la kwathu sindidzalionanso ine." Ndi mmene ankayankhulira a Namakhwa, tenanti mnzathu wokalamba pa esiteti ku Mkanda, akuyenda chonchi, onani, phazi lamanzere kulikoka ngati thumba la feteleza, dzanja pamsana. Ndiye amene akuti ndimanama aimirire pompano, chifukwa madala amenewa ine ndidawafikitsa ku Mulanje osakwera ngakhale njinga.

Mlamu wanga, dalaivala wa thiraki, adabwera kuchokera ku boda ndi chimagalasi chomanga kumutu, choti ukavala umapezeka uli kwina, ndipo mkati mwakemo mudali phiri la Mulanje. Chimagalasi chimodzi, ife namtindi. Mlamuyo akuti osavala aziona pa foni zomwe akuona wovalayo. Tidawamanga nacho a Namakhwa, kuwakhazika pa belo la fodya, foni n'kugwira ine, poti kafoni sikangakwane maso a esiteti yonse koma pakamwa pangapa pamakwana.

Mukumva? Nditangoti "tayamba kukwera," azimayi adayamba kuwakupiza ndi malichero kuti mphepo imveke, wina kuwawaza madzi, wina kugwedeza belo, koma posakhalitsa malichero adangokhala opanda ntchito, chifukwa chisanu chenicheni chidatuluka m'foni, nkhungu ti ti ti chigafa chonse mpaka fodya wouma adafewa yekha, mtsinje n'kuyamba kudontha pachala changa, atsikana kutchera ndowa, madzi ozizira othyola mano, kenako nyani adasuzumira pakona pa foni, kutsomphola chimanga cha kapitawo n'kubwereranso momwemo. Ine ndikungolengeza: apo minda ya tiyi, apo mwala waukulu, apo kanjira ka kwanu! A Namakhwa adaimirira, mwendo uja osaukokanso, n'kuitana dzina la malemu mayi awo, ndipo mawuwo adagunda phiri, kubwerera, kupitirira pamutu pathu mpaka kulowa mu Zambia opanda chiphaso. Madalaivala a pa boda adawamva akudutsa, mukawafunse.

Powamasula chimagalasicho tidapeza chadzaza misozi, moti mlamu adachita kuchikhuthula ngati kapu. Kuyambira tsiku limenelo a Namakhwa za phiri sadandaulanso.

Mukusekabe? Eni ake si awo akhala pa mtondowo. A Namakhwa, auzeni anthuwa, phiri mudaliona kapena ayi?

"Achimwene," akutero madalawo, "batire lidatha tisadafike ndi patsinde pomwe. Kwanga kudali bii, ndipo foni yanunso ndikudziwa idali bii. Koma mmene munkafotokozera muja, ndidangoti nditseke maso, ndisakudodometseni. Kunyumba ndidafikadi."