Njinga ya a Nikolasi Yosachoka Pakhomo

Ku Lifidzi konse, munthu amene anapalasapo njinga kupita ku Tete n'kubwerako dzuwa lisanapendeke ndine ndekha. Chabwino, ndanama. Njingayo sinkasuntha, ndipo ine ndinatsika ndi befu ndisanafike n'komwe pa Domwe.

Mwini wake anali a Nikolasi, alamu anga, amuna a mlongo wanga Inácia. Khalidwe lawo ankalidziwa ndi nkhuku zomwe: mlendo sankam'patsa mpando, ankam'patsa chishalo.

Anali mmisiri wosema miyala ndi mafupa: mphero, zigwiriro za mipeni, timitanda ta pakolona. Mikono itatopa ndi kugogoda, anatola chinjinga chakutha kwa wonyamula katundu wina wa ku Kalomwe. Anachikhazika pa mphanda ziwiri, navula tayala la kumbuyo, nakoleka lamba wa chikopa cha ng'ombe kuchokera pagudumu kukafika pa kachitsulo kozungulira kamene anazula m'makina osokera akufa. Kunsonga anamangako chidutswa cha tupa chonoledwa. Munthu akapalasa, kachitsuloko kankalira ngati nyenje chikwi, n'kumadya mwala ngati mbatata yowotcha.

Lamba woyamba anaupaka mafuta a nkhumba, agalu n'kuudya wonse. Wachiwiri anaupaka tsabola. Mpaka lero galu wa ku Lifidzi akaona chikopa amayetsemula.

Koma wosema sangapalase yekha, ndipo mawondo a Nikolasi anali atagwidwa kale ndi nyamakazi.

Ndiye mlendo akangofika pakhomo, zinkayenda motere:

"Odi kuno!"

"Eee, kwerani, kwerani. Malonje tichitira pamwamba."

"Ndangobwera kudzabwereka nkhwangwa, achimwene."

"Nkhwangwa ili pafupi. Mukadutsa kachitunda aka muipeza."

Tsiku lina kunabwera sipayo, msilikali wa boma, chipewa chake chili neng'a.

"Chapa ya msonkho wa njinga iyi ili kuti?"

"Chapa ndi ya njinga yoyenda pamsewu, bwana. Takwerani, ikakufikitsani pamsewu mundimange."

Sipayo anakwera, napalasa mwaukali mpaka thukuta linadzaza nsapato.

"Tafika pati?"

"Pa khutu la Yosefe Woyera," anatero a Nikolasi, akusema chifanizo cha kutchalitchi. "Onjezerani moto, tikamalize ndevu."

Pozemba njingayo, anthu anatsegula njira ina kuseri kwa minda ya nyemba. A Anselmo akatekisiti anakhala ndi chithupsa pokhalira miyezi isanu ndi iwiri, chimene chinkaphulika akangoona denga la a Nikolasi.

Mu 1972 Inácia anatisiya. Patapita mwezi ndinawapeza alamu akugubuduza chimwala chochokera kumtsinje, akupapasa njira ndi phazi. M'maso mwawo munali mutayamba ng'ala.

"Alamu, mphero yanji yaikulu chonchi?"

"Si mphero, a Geraldo. Mlongo wanu sanajambulitsepo chithunzi. Nkhope yake yatsala m'mutu muno mokha, ndipo maso akutseka. Ndikachedwa, adzukulu adzangomva kuti kunali munthu."

Sanapemphe aliyense. Anakwera okha, napalasa katatu, natsika kukakhudzitsa mwala gudumu lisanaime, nakweranso. Tsiku lathunthu anasema kansidze kamodzi.

Nkhani inamveka pachigayo. Chithupsa cha a Anselmo chinapola tsiku lomwelo. Amuna ankadutsira pomwepo pochokera kumunda, amayi ankagwada n'kumazunguza ndi manja, uku akulangiza.

"Mphuno imeneyo mwaikulitsa!"

"Inu munkaiona Lamulungu lokha, ine zaka makumi atatu. Zunguzani, mayi."

Pofika posema pakamwa, a Nikolasi sankaonanso kanthu koma mbuu. Anamalizira ndi nsonga za zala, akuuza wopalasa kuti pang'onopang'ono, ngati ukuyenda ndi madzi pamutu. Mano anasema a fupa la ng'ombe, nasiya kampata pakati, monga analili mwini wake. Atamaliza anapukuta nkhopeyo ndi malaya awo, nati, "Basi, tsikani. Tafika."

Mwalawo tinakauimika pamanda a Inácia. A Nikolasi anamwalira chaka cha ufulu, pamene mbendera inasintha, ndipo tinawaika pambali pa mwalawo. Masiku ano masana ku Lifidzi kumakhala zii, moti umamva nyemba zikuthetheka m'munda. Anthu akadali kutsitsa mawu podutsa pabwalo paja, ngati wina awaitana.

Ine kumandako sindipitako. Kunena zoona mwalawo sufanana n'komwe ndi mlongo wanga, umangokhala ngati dzungu loseka. Ndi mmene ndinamuuzira dzulo Laurinda, mwana wawo, akusankha nyemba pakhonde.

"Amalume," anatero osadzutsa mutu, "nanga amene amakapala ndere pamphumi pa amayi Loweruka lililonse ndi ndani?"

"Mwina a Anselmo."

"A Anselmo ndi amene amawauza amayi kuti, 'Mlongo wanga, ana ako akundimana ndiwo'? Ndinali kuseri kwa mtengo ndi khasu langa. Chipewa chanu chili apo, munachiiwala pamutu pawo."