Mphemvu za ku Naperi ndi Thadzi la a Namakhwa

Lolemba

Dzulo alengeza ku tchalitchi. Lamulungu likudzali kukubwera abusa atsopano, ndipo nkhomaliro adzadyera kunyumba ya mmodzi wa ife a ku Naperi. Nyumba zatchulidwa ziwiri, yanga ndi ya a Namakhwa a kuseri kwa mpanda wangawu. Loweruka amayi a mpingo adzayendera zonse ziwiri, asankhe.

A Namakhwa! Nthawi zonse a Namakhwa! Umesenjala tinayamba limodzi ku kampani ya fodya ku Limbe. Iwo anawakweza kukhala kalaliki chifukwa cha pepala la Sitandade 6. Ine bambo anandichotsa mu Sitandade 3 kuti ndikathyole tiyi, ndiye ndakalambira pa njinga. Ukulu wa mpingo, iwo. Kuwerenga mawu kutsogolo, iwo. Koma abusa okhawa ayi, adzadya kwanga.

Pabalaza panga ndi pabwino kuposa pawo. Iwo makoma a laimu basi, mbee ngati chipatala. Anga ndinamata nyuzipepala za Chingerezi kuyambira pansi mpaka kudenga, zithunzi za sitima ndi ndege. Munthu akangolowa amadziwa kuti muno mumakhala wa sukulu.

Vuto ndi limodzi. M'mawa uno m'chitini cha shuga mwatuluka mphemvu, ndevu patsogolo, yosafulumira n'komwe.

Lachiwiri

Kufufuza. Zomwe ndapeza:

m'kabati, tizitosi takuda ngati fumbi la tiyi;
kuseri kwa chithunzi cha ukwati wathu, timatumba tofiirira tonga nyemba, ndaphwanya kamodzi, muli ana;
makoko ouma, malaya omwe zavula;
fungo lija ndimati ndi la jekete langa. Si jekete.

Zilipo za mitundu iwiri, zazing'ono zaliwiro ndi zazikulu zofiira zouluka. Yaikulu ina yadya buku langa la nyimbo, yalekezera pa vesi lachiwiri.

Akazi anga, mayi a Yohane, akuti: “Bambo, mphemvu ikayenda masana ndiye kuti kogona kwadzaza. Kabwerekeni pampu kwa a Namakhwa.”

Pampu! Yachitsulo, yopopera mankhwala, anawatumizira mwana wawo wa ku Halale. Dziko lonse likulira nacho Chitaganya, a Namakhwa okha chawabweretsera pampu. Amapopa atatsegula chitseko kuti tonse timve. Fwii, fwii. Ndibwereke ine? Bola kufa.

Zomwe ndapha ndataya pakhonde. Thadzi lofiira la a Namakhwa latola zonse. Thadzi limeneli miyezi yonseyi limaswera pakhomo panga, ndimati limandikonda.

Lachitatu

Nkhondo yayamba. Zida zanga: madzi owira m'kabati, miyendo ya kabatiyo m'zitini za parafini, phulusa pakhomo, ndi fumbi la fodya m'makona onse, wandipatsa mlonda wa kukampani kuja. Mphemvu sizikudziwa kuti zaputa munthu wa ku fodya.

Mayi a Yohane akuyetsemula kuyambira m'mawa. Mphaka wasamuka. Wasamukira kwa a Namakhwa!

Dzuwa litapendeka ndaona yaikulu ina ikudutsa pa fodyapo. Yaima, yanunkhiza, yapitirira ngati kapitawo woyendera ntchito.

Lachinayi

Ndaganiza mozama. Mdani umutsekere njira. Pakhoma pali malo omwe mapepala akale atukuka ndi kung'ambika, ndipo zikulowera momwemo. Ndapita wapansi ku Limbe, kwa mmwenye wa sitolo amene ndinkamuperekera makalata kale. Wandipatsa mtolo wa nyuzipepala zakale zokulungira sopo. Akuti: “Madala, zonsezi mukawerenga?” Ndati inde, zonse.

Ndaphika phala lomatira la ufa wa chinangwa, lija ndimamatira zaka zonsezi, mphika wodzaza. Ndapaka mosaumira. Pepala pamwamba pa pepala. Kamng'alu ngakhale kamodzi sikanatsale. Tione podzera!

A Namakhwa asuzumira pampanda. “Achimwene, phala lonseli, kuli chinkhoswe?” Aseka okha. Kenaka: “Bwanji laimu? Ndili naye wotsala.”

Wotsala! Ine wa zotsala. Ndawayankha kuti kwathu laimu timapaka pamanda.

Lachisanu

Zachuluka. Sindikumvetsa! Khoma likulankhula, tswa-tswa-tswa. Ndatsamiritsa khutu, mkatimo ngati msika wa Limbe. Pamphumi pa bwana wina wa m'nyuzipepala pabooka, patuluka ndevu ziwiri.

Koma ndadziwa. Zikuthawa pampu ija. A Namakhwa akapopa kwawo, zimawoloka mpanda kudzabisala kwanga. Nyumba yawo ikuoneka yaukhondo chifukwa yanga ikuwasungira. Ndiye mawa iwo ayamikiridwe!

Thadzi lija lero lalowa mpaka pabalaza. Lajompha khoma, lameza, lajomphanso. Ndalithamangitsa ndi tsache. Labwerera. Mayi a Yohane akuti: “Lisiyeni bambo, ndi lokhalo likugwira ntchito m'nyumba muno.”

Ndaphikanso phala. Ndamata paliponse pomwe lang'amba, ndawonjezera ndi pena kuti mawa paoneke patsopano.

Loweruka

Amayi a mpingo afika, mipango yoyera kumutu. Ayambira kwa a Namakhwa. Ndamva kuseka, ndamva fwii, fwii.

Kwanga akhala pamipando, mayi a Yohane athira tiyi. Mayi wamkulu wa gululo ayang'ana khoma kuyambira pansi mpaka kudenga. “Koma ndiye sukulu, bambo!” Mtima wanga m'mwamba! Ndaimirira kuti ndiwawerengere mutu umodzi wa nkhani, amve okha Chingerezi.

Chitseko ndinaiwala kutseka.

Thadzi. Lalumpha, lagwira pepala ndi mlomo, lakoka. Phala la dzulo linali lisanaume, ndiye mbali yonse ya khoma yasendeka ngati khoko la nthochi.

Zatuluka! Zazikulu, zazing'ono, zoyera zongovula kumene, zina zitanyamula matumba kumbuyo. Ina yauluka, yatera pampango wa mayi wamkulu. Tiyi pansi. Amayi panja, wina nsapato m'manja.

Ndayang'ana kuseri kwa mapepala. Phala lakale lonse linadyedwa, la dzana latsala pang'ono, khoma lanyambitidwa bwinobwino. Mayi wamkulu akufuula ali pamsewu: “Bambo, izi ndi zoweta! Mumaziphikira, n'kuzifunditsanso!”

Pampu ya a Namakhwa ilibe mlandu. Izi ndalemba monyinyirika.

Masana mayi a Yohane ang'amba zonse, atentha panja. Sitima zanga, ndege zanga. Apita okha kukatenga pampu ndi laimu wotsala uja, osandifunsa. Thadzi lakhuta mpaka lagona pakhonde panga, miyendo tambalale.

Lamulungu

Abusa akudya kwa a Namakhwa. Nanenso andiitana. Mayi a Yohane akuti ndikakana akawauza okha abusa chifukwa chake. Ndapita.

Ndiwo, nkhuku. Ndaona nthenga zofiira kudzala, ndadziwa. Mafuta yandayanda pamwamba pa msuzi.

Abusa akunyambita zala. “A Namakhwa, nkhuku yonona chonchi m'tauni muno? Mumaidyetsa chiyani?”

“Gaga chabe, abusa.”

Gaga! Ndatsegula pakamwa. Mayi a Yohane, omwe anapita kukathandiza kuphika, andiyang'ana ali pakhomo ndi beseni la madzi. Ndatseka.

Ine andigawira khosi.

Tsopano ndili pabalaza panga. Makoma mbee ngati chipatala, fungo la pampu ya eni ake. Mphemvu lero sindinaione. Chinangwa changa, mphemvu zanga, ntchito yanga ya zaka zambiri, koma oyamikiridwa ndi a Namakhwa. Ndatumikira abusa nkhomaliro ngati momwe ndinkaperekera makalata, wonyamula ine, dzina la wina.

Khosilo, kunena zoona, linali lokoma.