Pempho Loti Alamu Anga Alembedwe Ntchito ya Nsanja

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu Woyang'anira Mafunde a Wailesi,

Bwana,

Ndagwada ndi maondo onse awiri, ngakhale limodzi limavuta kukazizira. Ine ndine munthu wamba, wometa anthu m'kashopu kakumunsi kwa msika, kuseri kwa owotcherera zitsulo, kuchigwa kumene mafunde anu amachita manyazi kutsikirako. Kudandaula ayi, ndine yani ine? Ndalemba kuti ndithokoze, kenaka ndipemphe kanthu kakang'ono kokhudza alamu anga.

Choyamba, zikomo chifukwa cha uthenga woti dziko lonse tsopano likumva wailesi bwinobwino. Akuti munanena nokha pa wailesi, ndi mawu okoma. Ife tinaumva kwa dalaivala wa minibasi amene anabwera kudzametetsa ndevu, chifukwa tsiku limenelo wailesi yathu inkangokazinga ngati nyama ili m'mafuta. Tinaomba m'manja ndithu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa munawapezera alamu anga ntchito inu osadziwa. Alamuwa ndi achimwene a mkazi wanga. Anabwera kwathu kudzaona khanda, ndipo khandalo pano lili ku sekondale. Amati mlendo ndi mame, koma awa ndi mame amene dzuwa linawalephera. Pa sofa pathu pali dzenje la muyeso wawo. Tinawapezerapo ntchito ya ulonda, akuba anaba mpando umene anagonapo, iwo n'kuwakhazika bwinobwino pansi osadzuka.

Ndiye Loweruka lina anatulukira kushopu kudzafunsa ngati tiyi watsala. Anapunthwa pa benchi, n'kugwira waya wa eriyo ya wailesi yathu kuti asagwe. Bwana, wailesi inalankhula! Mawu mbee, ngati wowulutsa mpira wakhala pamiyendo pathu. Atausiya waya, inayambanso kukazinga. Tinayesa tonse mmodzimmodzi, ngakhale abusa amene ankadikira kumetedwa, koma wailesi inafuna alamu basi. Ena amati n'chifukwa cha thukuta la m'manja mwawo, ena amati ndi chitsulo chimene madokotala anawaika m'ntchafu atagwa panjinga ya eni ake.

Kuyambira pamenepo tili ndi dongosolo. Tsiku la mpira alamu amakwera pa benchi, dzanja lamanzere pa waya, lamanja m'mwamba kuloza denga la owotcherera, nkhope kuyang'ana kuchimbudzi. Kukanda pamsana n'koletsedwa. Kuyetsemula ndi mlandu, chifukwa tsiku lina penate yathunthu inathera m'mphuno mwawo, zotsatira tinakazimva mawa lake kwa dalaivala yemwe uja. Mashini anga ometera nawo amadana ndi wailesi, ndikangowayatsa imalira ngati njuchi, choncho ndimameta pa nthawi yopuma yokha. Mpira ukayambanso ndimazimitsa, kaya mutu wafika pati. Mukadzaona anthu akuluakulu atandandalika pa benchi, aliyense theka la mutu lili mbee, theka lili thengo, onse ali chete kuyang'ana m'khwapa mwa alamu anga, mudzadziwa kuti chitukuko chinafika.

Musaseke, Bwana, shopu imadzaza. Ngakhale adazi amabwera kudzametetsa. Alamu tsopano amatchedwa a Nsanja msika wonse. Amayi ogulitsa nthochi amawaonjezera ziwiri kuti mkono usafooke. Anayamba kusamba osauzidwa. Mkazi wanga, amene kale ankatsuka mbale ngati akuzilanga, anayambanso kuimba kukhitchini. Ineyo, ndinene zoona, ndinayamba kuwakonda alamu anga, chinthu chimene sindinkachiyembekezera m'moyo uno.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha nsanja imene munatimangira pa kamtunda kakuseri kwa msika. Tikukumbukira tenti, riboni ndi lumo lanu lonyezimira, limene ine monga wodziwa malumo ndinalisirira. Munaika mwala wa maziko n'kulonjeza kuti zitsulo zili m'njira. Mwalawo ulipobe, uli bwino, ukupereka moni. Amayi amayanikapo zovala, mbuzi zimaotherapo dzuwa. Nsanja za kwina timamva kuti zimagwa ndi mphepo, koma yathuyi siinagwepo ngakhale kamodzi.

Chachinayi, ndipo apa ndipukute kaye misozi ya chimwemwe, zikomo chifukwa cha wailesi ya dijito. Mwalengeza kuti FM ndi yachikale, muizimitsa posachedwa, tonse tisamukire ku dijito kumene kulibe phokoso. Ine monga nzika yomvera ndinagulitsa galasi langa lachiwiri, lija loonetsera anthu kunkhongo, n'kugula imodzi. Simunaname, Bwana. Phokoso mulibe. Mpira mulibe, nyimbo mulibe, nkhani mulibe. Pa kagalasi kake pamangolembedwa kuti ikufufuza, ndipo ikufufuzabe mpaka lero, kuleza mtima kwake kuposa apolisi. FM yathu ija inali ngati agogo ogontha, mumakuwirana koma mawu awiri atatu amadutsa. Iyi ikafuna imanena zonse, ikapanda kufuna siiyankha n'komwe, ndipo kuchigwa kuno siinafunepo.

Tinawakweza alamu pa benchi. Anagwira eriyo ya wailesi yatsopanoyo ndi dzanja lamanzere, zii. Lamanja, zii. Anavula nsapato, ananyowetsa zala, anagunditsa ntchafu ya chitsulo ija pa wailesi, mpaka anakwera padenga anthu akuwathandiza kukankha kumbuyo. Wailesi osatsokomola n'komwe. Anatsika mwakachetechete, n'kukhala pakona. Tiyi anamusiya theka, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire khanda lija. Zinandipweteka mumtima, Bwana, sindibisa.

Wogulitsa mawailesi anandiuza kuti vuto ndi ineyo pokhala kuchigwa, chifukwa kumtunda, kumene kuli maofesi anu, imagwira bwino zedi. Ndamvetsa. Munthu akakwera pamsana pa njovu amaiwala kuti kunja kuli mame, ndipo si kulakwa kwake, ndi kutalika kwa njovuyo. Koma kumtundako kulinso wometa wina, timamutcha Chibuntha, munthu wosasiyanitsa tsitsi ndi khutu. Dijito yake imalankhula usana wonse popanda mlamu aliyense. Makasitomala anga ayamba kukwera phiri, akubwerako ndi mabandeji m'makutu koma akudziwa amene wagoletsa.

Tsono tsiku limene mudzazimitse FM, benchi yanga idzatsala yokha, a Nsanja adzabwereranso kukhala alamu wamba, ndipo dzenje la pa sofa likuwadikira. Mkazi wanga wanena kale kuti zikatero mmodzi atuluka m'nyumbamo, kaya achimwene ake, kaya sofa, kaya ine, ndipo ponena ankayang'ana ine. Ndameta anthu zaka zambiri, Bwana, koma mpala wopanda madzi ngati umene mukutimetawu sindinaumetepo munthu. Ndikugwadirani, ndinu katswiri.

Pempho langa ndi ili. Popeza mwala wa maziko ulipo koma nsanja palibe, ndipo ine nsanja ndili nayo koma mukuichotsa ntchito, bwanji tiphatikize? Alembeni alamu anga ntchito, mukawaimike pamwalapo. Safuna magetsi, safuna mafuta a jenereta, sachita dzimbiri, ndipo akuba sangawamasule mabawuti. Tiyi wa mkaka ndi ambulera basi. Usiku mutha kuwamangirira kababu kofiira pamutu kuti ndege zisawagunde. Pa zaka zonsezi atumikira omvera ambiri kuposa mwala wanu, ndipo sanadulepo riboni.

Zikakanika, musazimitse FM dijito yanu isanaphunzire kutsika chigwa. Mukaumirira kuzimitsa, chonde tumizani munthu wapansi adzatiuze tsiku lake, chifukwa alamu akakhala kuti apita kuchimbudzi sitingadziwe kuti mwazimitsa.

Pomaliza, ndikukuitanani kushopu kwanga mudzametedwe ulere, pa mpando wabwino uja wosapendekeka. Ndidzakumetani mwaulemu wonse mbali ya kumtunda, bwinobwino, mzere wowongoka. Mbali ya kuchigwa tidzakhala pansi tonse, inu, ine ndi alamu, kudikira kuti wailesi ya dijito ilankhule. Ikangolankhula ndidzamaliza. Musadandaule za maonekedwe, galasi loonera kunkhongo ndinagulitsa.

Ine wanu wogwada mpaka bondo litalola,

Wometa wa kuchigwa,
mlamu wake wa a Nsanja