Botolo la Asisi ndi Batire la Alamu

Mpaka lero asisi anga akandiona ndikuyandikira botolo lililonse kwawo, ngakhale la mafuta ophikira, amalinyamula n'kukalibisa kuchipinda. Sindiwadzudzula.

Zinachitika zaka zija masitolo a mu Lusaka ankagulitsa mashelefu okhaokha. Ndinali nditamaliza Fomu Faifi, ntchito kulibe, ndipo ndinkakhala kwa asisi ku Kalingalinga. Udindo wanga pakhomopo unali kudya ndi kufotokozera anthu sayansi imene sanandifunse. Alamu anali atanena kale kuti ndikangopalamula kamodzi, ndikwera basi ya ku Chipata kukalima ndi atate. Khasu ndinkaliopa kuposa njala.

Asisi ankakonza tsitsi la azimayi pakhonde. Chuma chawo chonse chinali botolo limodzi la perokisaidi, mankhwala osinthira mtundu wa tsitsi, limene mayi wina wamalonda anawabweretsera kuchokera ku Harare. Loweruka lina kunabwera mtsikana dzina lake Chanda, akufuna tsitsi lofiirira. (Ine ndinkafuna Chandayo, koma iye anali asanadziwe za mwayi wakewo.)

Asisi atapita kukatunga madzi kumpopi, ndinaona kuti nthawi ya aphunzitsi yakwana.

"Ba Chanda, muziba kuti mankwala aya ni manzi chabe na mpweya?"

"So nichite bwanji?" anayankha, maso ali pagalasi.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinafotokoza kuti perokisaidi imasanduka yokha madzi ndi mpweya, koma pang'onopang'ono, mwina miyezi. Ukaikamo katalisti, kanthu kofulumizitsa, zimatheka m'kuphethira kwa diso, ndipo katalistiyo satha kapena kusintha.

Padenga panali mabatire a wailesi, amene alamu ankawaanika padzuwa kuti atsitsimuke, amvetsere mpira madzulo. Ndinaswa limodzi ndi mwala n'kutapa phala lakuda la m'kati mwake, lomwe ndi katalisti wabwino zedi. Kusukulu tinkangoika kachidutswa m'timadontho. Ine, posafuna kuoneka wouma manja pamaso pa mlendo, ndinaponya supuni yathunthu m'botolo lenilenilo.

Botolo linayamba kuwira ndi kutentha, thovu likukwera. Nzeru za Fomu Faifi zinandiuza kuti nditseke msanga. (Mpweya ukautsekera umatani, tinaphunzira, koma tsiku limenelo ndiyenera kuti ndinajomba.) Chitsekero chinapirira pang'ono, kenako chinauluka n'kukagunda malata, thovu lakuda n'kuthovokera pa diresi yoyera ya Chanda.

Asisi anatipeza choncho, chidebe chili pamutu.

"Ni chani ichi?"

"Ni sayansi, ba sisi."

"Mankwala yanga yali kuti?"

"Yasanduka manzi. Mpweya wayenda kumwamba."

Anatula chidebe, natola botolo, naliyang'ana padzuwa. Phala lakuda lija linali litakhazikika pansi, lili bwinobwino.

"Nanga ivi vakuda?"

Apa mpamene ndikanatseka pakamwa, koma mphunzitsi akafunsidwa amayankha. "Iyo ni katalisti. Ifulumizitsa chabe vinthu kusila, kapena kuti kutha, koma yeve siisila, siichinja."

"Oho," anatero asisi mofatsa, maso ali pa ine. "Isiliza vinthu va benangu, yeve inkala chabe pansi, ili che bwino. Kansi tili nayo kale mu nyumba muno. Tiipasa na vakudya."

Chanda anaseka mpaka misozi, diresi yake kuiwala. Ndi tsiku lokhalo limene ndinamusangalatsa, ndipo manyazi ake ndimawamvabe.

Madzulo alamu anatsitsa mabatire padenga, wailesi n'kukana kulankhula. Sanakalipe. Anangondifunsa ngati chikwama changa chili ndi zipi yabwino, ndipo Lolemba anandiperekeza okha kukakwera basi, kuopa kuti ndingasochere n'kubwerera.

Buku la sayansi silinaname, poti ku Chipata ndinafika ndili chimodzimodzi, wosatha, wosasintha. Tsiku lomwelo ndinaona thumba la feteleza pakona, n'kuyamba kufotokozera atate zimene zili m'kati mwake. Anamvetsera mwaulemu, chifukwa kalata ya asisi inali itafika ine ndisanafike. Usiku womwewo thumbalo linakagona kwa aneba, m'mawa mwake ine anandisiyira khasu.