Lamba wa Bambo a Pemphero

Lolemba

Adzagwa. Amuna anga adzagwa mumtengo ine ndikuona ndi maso angawa!

Akapitawo awasankha kuti azikwera kukadula nthambi za mabulugama aatali aja a kuseri kwa fakitale. Awapatsa lamba wokwerera, wa zitsulo mbali zonse, wamkulu wa m'chiuno ndi tiwiri ta m'ntchafu. Koma amene ankavala kale anali munthu wa mimba. Bambo a Pemphero chiuno ngati cha mavu. Avala kuti ndione, akoka mpaka pothera, atsokomola kamodzi, chitsulo chomangira chaterereka, lamba uyo m'mawondo. Iwo akuseka. Akuti mumtengo amagwira yekha. Mwana sanayambe n'kukwawa komwe, iwo akuseka!

Mwayi wake kuli chiperoni, mitengo ikuterera, ndiye kukwera ndi Lolemba likubweralo. Lamba asayinira, akusunga kunyumba. Akaonongeka ntchito yatha, nyumba ya esitetiyi tituluka.

Nzeru zilipo ziwiri. Kuchepetsa lamba. Kunenepetsa munthu. Ndichita zonse.

Lachiwiri

Apita kuntchito. Ndatsitsa lamba pamsomali.

Ndikuti ndiboole kabowo monga timachitira ndi lamba wa thalauzi. Msomali pamoto, wafiira, ndagunditsa kunsonga. Mayo! Si nsalu iyi. Ikusungunuka ngati jumbo, fungo layini yonse ya nyumba. Mayi a Esinati a khomo linalo asuzumira pawindo: "Mukuwotcha tayala m'nyumba, asisi?"

Bowo lilipo, lakuda. Koma chitsulo chake chilibe kalilime kolowa pabowo. Bwanji sindinayang'ane kaye? Ndapakapo polishi wa nsapato.

Chakudya cha lero: nthochi zophika, chinangwa, mapeyala awiri, phala la mwana lotsala. Amaliza zonse. Andifunsa ngati ndawalakwira kanthu.

Lachitatu

Kumsika, lamba m'thumba la ufa, Pemphero kumsana. Atelala athyola singano, aika ina, yathyokanso. Andiuza ndichoke ndisanawaphere mashini. Wosoka nsapato watembenuza lamba uku ndi uku, akuti iye za parachuti sagwira. Anthu aunjikana. Mayi wina akuti n'zomangira ng'ombe. Ndangoti eya.

Pobwera ndadutsa pansi pa mabulugama aja, ndayang'ana kumwamba. Nsonga sizikuoneka, zalowa mu nkhungu. 

Madzulo ndawayeza chiuno ndi chingwe cha chitenje ali kusamba m'manja. Sichinasinthe. Chakudya chonsechi chikupita kuti?

Lachinayi

Ndawauza. Bowo aliona okha, polishi wawadetsa zala. Kenako akuti, "Mkazi iwe, ukufuna tikagone m'munda wa tiyi?" Ndalira. Pemphero walira. Mapeto ake avomera kuti nawonso chitsulocho chikuwaopsa, usiku sagona. Ndiye kuseka kuja kunali kwa chiyani?

Mayi a Esinati akuti tipite kwa a Likoswe owotcherera zitsulo pa siteji, palibe chitsulo chowakanika, ndiponso ndi munthu wopemphera, sanena za anthu. Akutinso chonenepetsa mwamuna msanga ndi nyemba za kalongonda. Ndagula. Zili pamoto kuyambira m'mawa, kutaya madzi, kuthira ena, kutaya, kuthira. Nkhuni za sabata yonse zatha.

Lachisanu



Aweruka mochedwa. Tathamangira kwa a Likoswe, iwo ali mu ovolosi ya kuntchito, osadya kanthu chichokere m'mawa. A Likoswe ndi a mpingo wa Sabata, akugwira ntchito diso lili padzuwa. Akuti valani tiyeze. Avala pamwamba pa ovolosi. Akuti kokerani mimba m'kati. Akokera. Lamba wakokedwa mpaka amuna anga maso tuzu. A Likoswe apisa bawuti pa chitsulo chomangira, kudzera pabowo langa lija, ndiye ndanyada pang'ono. Atsekera ndi nati. Kuti isamasuke mumtengo, nsonga ya bawuti aiphwanya ndi hamala, pho pho pho, yaphwatalala ngati khobidi.

Bambo a Pemphero adumpha, atsokomola, avina. Lamba nji! Ndaomba m'manja.

Kenako afunsa kuti nanga povula?

A Likoswe ayang'ana bawuti. Ayang'ana dzuwa. Aika hamala pansi bwinobwino. "Sabata lalowa, achimwene. Mulungu akusungeni." Atseka chitseko.

Tabwera wapansi, zitsulo ngwerengwere msewu wonse, agalu pambuyo. Kunyumba kalongonda wapsa. Ndawaletsa ine! Akuti munthu sangavutike kawiri, adya mbale ziwiri.

Loweruka

Tinayeza pamimba ya njala. Palibe anaganiza zimenezo, ine, iwo, a Likoswe, palibe.

Mimba yatupa pamwamba pa lamba ndi pansi pa lamba, pakati mphako. Kukhala sangathe, kugona chagada chitsulo cha kumsana chikuwabaya. Ndiye za kuchimbudzi! Ovolosi ili m'kati mwa lamba, siitsika, siikwera. Ndasomola msoko wa kumbuyo ndi lezala iwo atagwira khoma. Zimenezi sitidzakambanso mpaka imfa.

Zomwe tayesa: sopo, mafuta ophikira, sipanala ya njinga ya aneba, pemphero. Sipanala yapindika.

Ndati tingodula. Akuwa ngati ndati tidule mwendo. Katundu wa kampani!

Dzuwa litangolowa ndathamangira kwa a Likoswe. Pakhomo loko. Apita ku msonkhano wa misasa, banja lonse, mpaka Loweruka linalo. Ndakhala pansi pomwepo pamatope.

Lamulungu

Kutchalitchi sitipita. Anayesa jekete pamwamba, zingwe zikulendewera kumbuyo ngati mchira. Amayi a Mvano abwera kudzaona wodwala, awapeza ataimirira pakati pa nyumba atafunda bulangete. Aimba nyimbo, iwo akagwedezeka pang'ono, ngwere. Amayi onse maso pansi. Wina watuluka msanga, ndamumva akuseka kuseri kwa bafa.

Chiperoni chatha. Kunja kwayera mbee, mitengo ikuuma. Mawa akapitawo ayendera lamba aliyense asanakwere munthu. Aona bawuti, aona bowo, aona ovolosi yotseguka kumbuyo.

Basi, zachitika. Sindikonzanso kanthu m'nyumba muno, ngakhale chigwiriro cha poto. Munthu wanenepadi monga ndimafunira, ndipo sakundiyankhula. Ntchafu zawo zayamba dzanzi.

Tsamba ili nding'amba, ndipatsa wakabaza apite nalo kwa achimwene ku Nsabwe.

Achimwene, ndine mlongo wanu. Siyani njinga za anthu mukukonzazo. Tengani tupa, yaikulu ija yopalira zitsulo, mudzapale bawuti, osati sowo, lamba asakhudzidwe. Musafunse, musauze amayi, ndipo mukalowa m'nyumba musaseke, alamu anu ali ndi mpeni wa tiyi pafupi. Bwerani lero lomwe dzuwa lisanapendeke. Chonde bwerani.